Mkonono wa bambo a kunyumba wafika podetsa nkhawa, tingauchepetse bwanji?

Mayi wa ku Matawale

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa za mkonono, makamaka amene munagwirapo ntchito kuchipatala kapena amene vutoli linakufikiranipo m'banja. Bambo a kunyumba kwathu ali ndi zaka za m'ma 40, ndipo kuyambira kale ankaliza mkonono pang'ono akatopa, koma m'zaka zaposachedwapa wakula kwambiri moti umamveka mpaka kuchipinda kwa ana ngakhale zitseko zili zotseka. Anenepa kuyerekeza ndi mmene analili titangolowa m'banja, malaya awo akale sakumangikanso batani la pakhosi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu madzulo amamwako mowa ndi anzawo. Fodya sasuta.

Chimene chandichititsa kulemba si phokosolo ayi, chifukwa phokosolo ndinalizolowera. Ndaona kuti nthawi zina mkonono umaduka mwadzidzidzi, iwo n'kukhala osapuma kwa kanthawi pamene chifuwa chikukoka, kenako amadzidzimuka, n'kukoka mpweya mwamphamvu, n'kuyambiranso mkonono uja. M'mawa ndikawafunsa sakumbukira kalikonse, amangodandaula kuti mutu ukupweteka ndiponso kukamwa kwauma. Masana akangokhala pansi amayamba kusinza, kaya ndi m'tchalitchi kaya ndi pamaliro, ndipo chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti ntchito yawo ndi yoyendetsa galimoto ya katundu pakati pa Zomba ndi Blantyre.

Achibale ena akuti mkonono ndi wakumtundu ndipo palibe chimene munthu angachite, ena akuti ndi tulo ta munthu wogwira ntchito molimbika basi. Mnzanga wina wandiuza kuti ndiziwagulira mapiritsi a chimfine ogonetsa aja kuti mphuno zizitseguka usiku. Ine sindikufuna kusamukira kuchipinda china, chifukwa zoterozo zimayambitsa nkhani zina mpaka anthu kukafika kwa ankhoswe. Kodi pali njira zochepetsera mkonono zimene tingayese kunyumba, ndipo kodi kusiya kupuma kumeneku n'koopsa kapena ndi mmene mkonono umakhalira?

Namwino wopuma pantchito, Chinamwali

Mayi, mwachita bwino kufotokoza mwatsatanetsatane, pakuti zimene mwaona usikuzi ndi zimene dokotala amafuna kumva, ndipo mwiniwake sangazinene popeza zimachitika iye ali m'tulo.

Munthu akagona, minofu ya thupi lonse imamasuka, kuphatikizapo ya lilime, ya kumwamba kwa m'kamwa chakumbuyo kumene kuli kanyama kolendewera kaja, ndi ya m'mbali mwa mmero. Njira ya mpweya ikachepa chifukwa cha kumasukako, mpweya umadutsa mopanikizika ndipo umagwedeza minofu yofewayo monga mmene mphepo imakupizira chitenje choyanikidwa pachingwe, ndipo kugwedezeka kumeneko ndi kumene ife timamva n'kumati mkonono. N'chifukwa chake chilichonse chimene chimachepetsa njirayo kapena kufooketsa minofuyo chimakulitsa mkonono, kaya ndi mafuta ochuluka m'khosi, kugona chagada, mphuno zotsekeka, mowa kapena mankhwala ogonetsa.

Mkonono wamba, umene umalira mosadukiza munthu n'kudzuka m'mawa ali ndi mphamvu, nthawi zambiri umavutitsa ogona naye pafupi kuposa mwiniwake. Koma zimene mwafotokoza inuzi ndi nkhani ina, ndipo sindikufuna kukubisirani. Pamene mkonono waduka, bambo ali chete koma chifuwa chikukoka, ndiye kuti njira ya mpweya yatsekekeratu, ndipo matenda amenewa madokotala amawatcha obstructive sleep apnoea. Kupuma kukaima kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, okosijeni amatsika m'magazi, ubongo umamudzutsa munthuyo kwa kanthawi kochepa zedi kuti minofu ya pakhosi ilimbe, iye amakoka mpweya, n'kugonanso osadziwa n'komwe kuti anadzuka. Poyeza kukula kwa vutoli, madokotala amawerenga kuti kupuma kukuima kapena kuchepa kangati pa ola limodzi: kuyambira ka 5 mpaka ka 14 amati ndi laling'ono, ka 15 mpaka ka 29 ndi lapakati, ndipo ka 30 kapena kuposerapo ndi lalikulu. Munthu amene akudzutsidwa mobwerezabwereza chonchi usiku wonse akhoza kukhala pabedi maola 8 koma thupi lake osapumula, ndipo apa ndi pamene pachokera kusinza kwa masana, mutu wa m'mawa, kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga ndiponso kudzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi.

Kuopsa kwake kuli pawiri. Nthawi iliyonse imene kupuma kwaima, mtima umagunda mwamphamvu ndipo magazi amathamanga kwambiri, ndiye zikamachitika usiku uliwonse kwa zaka, munthu amadzakhala ndi BP yovuta kutsika ngakhale akumwa mankhwala, ndipo chiopsezo cha sitiroko, kugunda kosalongosoka kwa mtima ndi matenda a shuga chimakwera. Zimenezi zimabwera pang'onopang'ono. Koma kuopsa kwina kukhoza kufika mawa lomwe, chifukwa dalaivala wosinza safuna mphindi yathunthu kuti aphonye msewu, ndipo anthu odwala matendawa amene sakulandira chithandizo amachita ngozi zapamsewu kawirikawiri kuposa anzawo. Kwa ine, mfundo ya galimotoyo ndi imene ikupangitsa kuti nkhaniyi isadikire.

Za mapiritsi amene mnzanu wanena, chonde musawagule. Mankhwala a chimfine ogonetsa monga Piriton amasiya tulo m'thupi mpaka tsiku lotsatira, zimene n'zoopsa kwa munthu woyendetsa galimoto amene akusinza kale, ndipo sangatsegule mmero umene ukutsekeka chifukwa cha lilime ndi mafuta. Mankhwala a tulo monga diazepam ndiye oopsa kwambiri kwa munthu wotere, chifukwa amafooketsa minofu ya pakhosi ndiponso amachedwetsa ubongo kumudzutsa pamene kupuma kwaima. Mowa umachitanso chimodzimodzi.

Ndikadakhala inu, ndikadawapempha bambo kuti andilole kuwajambula pafoni usiku wina, mawu ndi chithunzi chomwe, makamaka pamene kupuma kwaima ndi pamene akudzidzimuka. Kenako mupite nawo kuchipatala chaching'ono cha kwanu ku Matawale kapena ku Zomba Central Hospital, akawayeze BP, shuga ndi sikelo, ndiponso akawaone m'mphuno ndi kukhosi. BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposerapo mobwerezabwereza, imeneyo ikufunika chithandizo payokha. Mukhozanso kubwereka tepi kwa telala n'kuwayeza khosi, chifukwa khosi loposa masentimita 43 kwa amuna, kapena 40 kwa amayi, limawonjezera chiopsezo cha matendawa. Dokotala akapeza chinthu chofunika katswiri wa makutu, mphuno ndi pakhosi, akhoza kukulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli gawo loona za matenda amenewa.

Bambo wa ku Sadzi

Mayi, zimene anena amayi anamwinowa ndikugwirizana nazo, ndipo ine ndiwonjezerapo monga mwamuna amene mkonono wake unali wodziwika m'nyumba mwathu koma tsopano unachepa kwambiri.

Chinthu chimene chinandithandiza msanga ndi kagonedwe. Munthu ukagona chagada, lilime ndi chibwano zimagwera kumbuyo n'kupanikiza mmero, pamene ukagona cham'mbali njira imakhala yotseguka bwinoko. Vuto ndi lakuti umayamba cham'mbali koma pakati pa usiku umatembenuka osadziwa. Mayi a kunyumba kwathu anasokera kathumba kumsana kwa sikipa yanga yogonera, pakati pa mapewa, n'kuikamo chitsononkho cha chimanga chokulunga m'kansanza, ndipo ndikangofuna kugona chagada chinkandikakamiza kubwerera cham'mbali popanda kudzukiratu. Patapita nthawi thupi linazolowera lokha. Ena amaika mpira wa tenesi, koma chitsononkho chimagwira ntchito yomweyo ndipo sichifuna ndalama. Tinakwezanso bedi kumutu poika njerwa pansi pa miyendo yake iwiri, chifukwa kuunjika mapilo kumangopinda khosi, chibwano n'kugwera pachifuwa, mkonono n'kukulirakulira.

Za mowa ndinene mosabisa, popeza ndi pamene ife amuna timavuta kumva. Usiku umene munthu wamwa, kaya ndi wa m'botolo, Chibuku kapena kachasu, mkonono umakula, ndipo mukhoza kutsimikiza nokha poyerekeza usiku wa Lachiwiri ndi wa Loweruka. Kusiyiratu ndiye kwabwino, koma ngati bambo sanakonzeke, ayambe n'kuchepetsa ndiponso kusiya kumwa kudakali maola atatu kapena anayi kuti agone. Nsima yambiri usiku kwambiri, munthu n'kupita pabedi nthawi yomweyo, nayonso sithandiza.

Koma chimene chinatsitsa vuto langa kwenikweni ndi kuchepetsa thupi. Sindinachite zachilendo ayi, ndinangochepetsa mitanda ya nsima, kuchulutsa ndiwo zamasamba, kusiya zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi kuchepetsa shuga mu tiyi, ndipo m'malo mokwera kabaza ndinayamba kuyenda pansi popita m'tauni ndi pobwerera. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi wa zitunda, moti munthu ukayenda chokwera cha ku Mulunguzi thukuta limatuluka lokwanira. Madalaivala amakhala pampando tsiku lonse n'kumadya tchipisi ndi mandazi pamalo oimapo, ndiye bambo anu afunika kuganizira kwambiri mbali imeneyi.

Pomaliza ndikupempheni kuti nkhaniyi muwauze muli awiri, osati pamaso pa ana kapena alamu anu, ndipo musayambe ndi mawu akuti akukusowetsani tulo. Mwamuna akamva choncho amadziteteza. Muwauze kuti mumaopa mukaona asiya kupuma, ndipo muwaonetse zimene mwajambulazo.

Mphunzitsi wa ku Domasi

Ine ndikufuna kukumbutsa za mphuno, chifukwa pakhosi patenga malo ambiri m'mayankho a anzangawa. Mphuno zikatsekeka munthu amapumira pakamwa, ndipo pakamwa pakatseguka m'tulo lilime limabwerera kumbuyo, mkonono n'kuyamba ngakhale kwa munthu wochepa thupi. Kuno kwathu zinthu zotseka mphuno n'zambiri: kuzizira kwa mwezi wa June ndi July pamene chiperoni chatsika m'phiri, fumbi la mwezi wa October, utsi wa nkhuni ndi makala, utsi wa mankhwala oyatsa othamangitsa udzudzu, ndiponso mabulangete amene akhala m'sutukesi chaka chonse n'kungowatulutsa osawachapa kapena kuwayanika padzuwa. Kugona m'masikito kumateteza ku malungo popanda kudzaza utsi m'chipinda. Mbaula ya makala ndiye isamalowe n'komwe m'chipinda chogona chotseka, chifukwa kuwonjezera pa kutseka mphuno, imatulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo.

Kwa amene mphuno zimawatsekeka kawirikawiri, kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere asanagone kumathandiza. Madziwo akhale owiritsa n'kuzizira mpaka kufunda pang'ono, theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu imodzi, osati madzi ongotunga pampopi kapena pachitsime. Koma mankhwala odontheza m'mphuno ogula kufamase aja, amene amatsegula mphuno nthawi yomweyo, asagwiritsidwe ntchito kupitirira sabata imodzi, chifukwa akapitirira mphuno zimatupa m'kati kuposa poyamba ndipo munthu amafika polephera kugona popanda mankhwalawo.

Ndiloleni nditchulenso za ana, popeza makolo ambiri awerenga zimenezi. M'kalasi timaona ana amene amakhala kukamwa kuli yasa, osatchera khutu, ena osakhazikika, ndipo ukacheza ndi makolo umamva kuti mwanayo amaliza mkonono usiku uliwonse, amagona movutika ndipo nthawi zina amakodza pogona ngakhale wakula. Kwa ana, choyambitsa chachikulu ndi kukula kwa tinyama tiwiri ta m'mbali mwa kukhosi totchedwa ma tonsils ndi tinyama tina ta kumbuyo kwa mphuno, ndipo madokotala amatha kuzichotsa pa opaleshoni ngati zikutseka mpweya. Mwana woliza mkonono pa nthawi ya chimfine yokha si wodetsa nkhawa, koma woliza usiku uliwonse apite naye kuchipatala m'malo momukalipira kuti ndi waulesi kusukulu.

Wophunzira za umoyo, Chikanda

Ndikufuna kuyankhapo pa mawu a achibale anu akuti mkonono ndi wakumtundu. Muli choonadi pang'ono m'mawu amenewo, chifukwa kapangidwe ka nsagwada, kukula kwa lilime ndi kufupika kwa khosi munthu amatengera kwa makolo, ndipo n'chifukwa chake anthu ena owonda amalizanso mkonono waukulu. Cholakwika ndi kunena kuti palibe chochita. Kafukufuku amene anachitika ku Wisconsin m'dziko la America, n'kusindikizidwa m'chaka cha 2000, anapeza kuti anthu amene thupi lawo linachepa ndi magawo 10 pa 100 alionse, kuima kwa kupuma kwawo kunachepa ndi magawo pafupifupi 26 pa 100, pamene amene ananenepa ndi magawo 10 vuto lawo linakula ndi magawo pafupifupi 32. Ndiye kuti kwa munthu wolemera makilogalamu 90, kutaya makilogalamu 9 kukhoza kusintha zinthu ndithu, ngakhale kuti sikuthetsa vutolo kwa aliyense.

Amayi nawonso asaganize kuti nkhaniyi ndi ya amuna okha. Mkonono umachuluka mwa amayi amene asiya kusamba, ndipo mayi woyembekezera amene wayamba mkonono waukulu umene analibe kale azinena akapita kusikelo, chifukwa nthawi zina zimayendera limodzi ndi kukwera kwa BP pa nthawi ya pakati.

Mayi wa ku Matawale

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu amayi anamwino ndi bambo a ku Sadzi. Ndayankhula nawo bambo a kunyumba mofatsa monga munandilangizira, ndipo za kugona cham'mbali ndi kuchepetsa mowa avomera. Za kuchipatala ndi zimene akukayikira, chifukwa akuopa kuti abwana awo akamva kuti ali ndi vuto la tulo awachotsa ntchito, ndipo ntchitoyo ndi imene tikudalira pa fizi ya ana. Akufunsanso kuti ngati matendawa atapezekadi, kodi chithandizo chake n'chotani, popeza anamva kuti pali makina ovala kumaso amene anthu wamba sangakwanitse. Aonanso pa intaneti timapepala tomata pamphuno ndi mankhwala opopera kukhosi, ndipo akufuna kuyamba ayesa zimenezo.

Namwino wopuma pantchito, Chinamwali

Mayi, mantha a bambowo ndi omveka, ndipo ndikuwamvetsa. Muwauze kuti zimene wodwala wakambirana ndi dokotala ndi zachinsinsi, ndiponso kuti anthu ambiri odwala matendawa akalandira chithandizo tulo ta masana timatha ndipo amapitiriza ntchito yawo bwinobwino. Chimene chingawachotsedi ntchito, kapena kuchotsa moyo wawo ndi wa anthu oyenda m'mbali mwa msewu, ndi kusinza ali pachiwongolero.

Makina amene amvawo ndi CPAP, amene dokotala wina wa ku Sydney m'dziko la Australia, Colin Sullivan, anawafotokoza koyamba m'chaka cha 1981. Munthu amavala chophimba pamphuno, makinawo n'kumakankha mpweya pang'onopang'ono usiku wonse kuti mmero usatsekeke, ndipo kwa amene vuto lawo ndi lalikulu chithandizo chimenechi ndi chimene chimagwira ntchito kwambiri. N'zoona kuti ndi okwera mtengo ndipo amafuna magetsi usiku wonse, zimene n'zovuta magetsi akamazimazima pokhapokha pali batire kapena sola. Koma si aliyense amene amafika pofuna makina. Kwa amene vuto lawo ndi laling'ono kapena lapakati, kuchepetsa thupi, kusiya mowa wa usiku, kugona cham'mbali ndi kuchiza mphuno nthawi zambiri kumatsitsa vutolo kwambiri, ndipo palinso kachipangizo kovala m'kamwa kamene kamakokera nsagwada yam'munsi kutsogolo, kamene kamayenera kupangidwa ndi dokotala wa mano molingana ndi mano a munthuyo. Kuchipatala angapezenso zinthu zina zochizika, monga tinyama tomera m'mphuno, fupa la pakati pa mphuno lopindika, kapena chithokomiro chosagwira bwino ntchito.

Timapepala tomata pamphuno sitivulaza, ndipo tikhoza kuchepetsako phokoso ngati vuto lili kumphuno kokha, koma sitifika kumene mmero ukutsekeka. Mankhwala opopera kukhosi ine sindingakulangizeni kutayirapo ndalama. Chimene ndimaopa pa zinthu zimenezi n'chakuti phokoso likachepa pang'ono banja limaganiza kuti vuto latha, pamene kupuma kukuimabe, choncho muziyang'anira kuima kwa kupuma ndi kusinza kwa masana, osati kukula kwa phokoso lokha.

Pakadali pano, bambo asanyamuke ulendo ngati usiku sanagone bwino kapena ngati anamwa mowa dzulo lake, ndipo maso akayamba kulemera ali pamsewu aime pamalo abwino, kaya ndi pa Thondwe kapena pa Namadzi, agone mphindi 15 kapena 20 asanapitirire, chifukwa kutsitsa galasi ndi kukweza wailesi sikuthamangitsa tulo. Mukafika kuchipatala musangonena kuti bambo amaliza mkonono, popeza pamzere wautali mawu amenewo akhoza kutengedwa mopepuka. Munene kuti amasiya kupuma ali m'tulo, amadzuka ndi mutu, amasinza masana ndipo ndi dalaivala, muonetse zimene mwajambula pafoni, ndipo mupemphe kuti zonsezo pamodzi ndi BP yawo zilembedwe m'buku lawo la kuchipatala kuti dokotala wina aliyense amene adzawaone adzayambire pamenepo.